Chuma cha Mtchona ndi cha Mkazi Wotsala Pamudzi

Pa Tsangano, dziko lozizira la mbatatesi ndi tirigu, amuna anazolowera ulendo wa ku Joni kuyambira masiku a Wenela. Njira ya Theba inatsekedwa mu 1988, koma anyamata sanaleke kumuka. Ena abwera chaka ndi chaka, ena atchona. Tsono mlandu umene tifuna kuulingalira ndi uwu: mwamuna akhala ku Johannesburg zaka 15, mkazi atsala pamudzi, ndipo potsiriza afuna kulekana. Kodi ng'ombe, ngolo ndi nyumba ya malata zimene zapezeka m'zaka zimenezo n'za yani?

Lamulo silikhala chete. Malamulo aakulu a dziko a 1994, pa ndime 24, apatsa mkazi ufulu wa kulandira gawo loyenera la chuma chimene anali nacho pamodzi ndi mwamuna wake. Lamulo la maukwati la 2015 liuza bwalo kuti liwerenge thukuta la yense, ngakhale la kuphika ndi kulera ana. Mwambo wa chikamwini unanena kale kuti mwamuna amangire mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo, ndipo ukwati ukatha sainyamula.

Koma mawu akuti "pamodzi" ndiwo avuta, pakuti anthu awiri akhoza kukhala pamodzi ali kutali. Mwamuna amene anatumiza ndalama za feteleza dzinja lililonse analima nawo munda uja, angakhale khasu sanaligwire. Momwemonso mkazi amene anasunga ana ndi kudwazika apongozi ake anagula nawo galimoto ili ku Joni, angakhale sanaikwerepo. Akadapanda iye kusunga kuno, uyo akadakhazikika bwanji pa ntchito uko? Otere agawane zonse, za kuno ndi za uko zomwe. Ndiona kuti amuna ambiri akondwera kumva za munda, koma pa za galimoto atseka makutu.

Alipo wina amene anangoti zii, wosatumiza kalata kapena kobiri, nakwatira kwina. Mkazi anakumba mbatatesi yekha, nazigulitsa pa msika wa Tsangano Turn-off, nagula mbuzi, nasinthanitsa mbuzizo ndi ng'ombe. Munthu wotere akafika nati, "Kalata ya ukwati ikalipo, tigawane," kalatayo imvomereza, koma mudzi wonse udziwa amene anagwira khasu. Ine ndiyesa kuti kugwirizana kwawo pa chuma kunatha tsiku limene iye analeka kusamala a kwawo, si tsiku limene anakwera basi, kapena limene woweruza adzalemba chisudzulo ayi. Za m'khola zikhale za mkazi. Za uko asunge mwini, koma za ana ake alipire.

Tsiku limenelo n'lovuta kulipeza, popeza munthu saleka kusamala kamodzi. Ndalama ziyamba kuchepa, kenaka kuchedwa, kenaka zileka. Ankhoswe ndiwo alidziwa. Iwo akumbukira chaka chimene mkazi anadza kudzadandaula, ndi chimene anayankha a kuchimuna. Chifukwa chake bwalo liyambe lawafunsa iwo lisanawerenge ziweto. Ndipo nkhoswe imene inamva dandaulolo nikhala chete zaka 10, isadze lero kudzaitanitsira mphwake ng'ombe.