Jezi nambala 9 ndi mnyamata wa pa benchi

Pa sukulu zambiri za sekondale kuno ku Phalombe, makamaka ma CDSS, palibe munthu amene analembedwa ntchito ya ukochi. Amene timawatcha kochi ndi aphunzitsi a Masamu kapena Geography amene anangovomera kusunga mpira ndi wezulo. Koma funsani anthu amene anadutsa pa sekondale kuti mphunzitsi amene samuiwala ndi uti, ambiri atchula ameneyu. M'kalasi mphunzitsi amadziwa anzeru ndi osokosa basi. Ku bwalo kochi amakudziwa dzina, amadziwa kuti ukatopa umayamba ukali, amaona kuti lero sunadye.

Mphamvu yake yeniyeni ili pa kapepala kamene amalembapo mayina 11 m'mawa wa tsiku la gemu.

Tiyerekeze. Timu ya sukulu yatsala ndi gemu imodzi kuti ikaimirire boma lonse. Pa msika wapafupi pali mnyamata wa kabaza, sukulu anasiya kalekale, zaka zake zapitirira 20, koma mpira amautha. Ochemerera akunong'oneza kuti "akochi, muvekeni jezi uyu, ndani adziwe?" Waganyu ameneyu akalowa, wina atuluke. Wotulukayo ndi mwana wa fomu 2 amene teremu yonse wakhala akutsalira ku bwalo anzake ataweruka, n'kumafika kwawo dzuwa litabisala kuseri kwa Michesi.

Ndisanaweruze, ndinene zimene kochi angayankhe, chifukwa si zopusa. Sukulu zina zikuchita zomwezo, ndiye kukana n'kungopereka ana ako kuti akapondedwe ndi madoda. Kupambana kumabweretsa mipira ndi jezi zatsopano, ndipo ana amene amaitchula sukulu yawo mwamanyazi amayamba kuitchula mokweza. Komanso zaka zenizeni amazidziwa ndani? Ambirife tinabadwa opanda setifiketi yakubadwa, ndipo ziphaso za unzika zinabwera mu 2017. Vutoli silathu tokha. FIFA inayamba kuyeza mafupa a pamkono ndi makina a MRI mu 2009 pofuna kugwira onama zaka pa mpikisano wa osapitirira zaka 17, ndipo mu December 2022 osewera 21 mwa 30 a timu ya Cameroon ya msinkhu umenewu analephera mayeso omwewo. Ngati dziko lathunthu lingagwe m'zimenezi, kuli bwanji mphunzitsi wa mpira umodzi wozigamba?

Zonsezi ndikuzimva. Koma zikuyankha funso la chikho, pomwe kochi wa pa sukulu anapatsidwa ana.

Mwa ana amene akuthamanga m'mabwalo a ku Migowi, Chiringa kapena Mpasa, ndi angati adzafike pamene wafika Temwa Chawinga, amene anachoka ku Rumphi n'kukakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya ku America mu 2024? Mwina mmodzi, mwinanso ayi. Otsalawo adzakhala alimi a nandolo, anamwino, makalaliki, makhansala, apolisi. Kuponya kona adzaiwala. Chimene sadzaiwala ndi Loweruka limene anaona munthu wamkulu amene amamukhulupirira akuchita chinyengo, aliyense n'kuwomba m'manja.

Mwana wa pa benchi uja waphunzira kuti thukuta lake lingachotsedwe pa ndandanda mphindi yomaliza. Tsiku limene adzamve kuti ntchito imene anafunsira yapita kwa mphwake wa bwana, sadzadabwa, adzangoti ndi mmene zimakhalira. Anzake 10 amene anasewera aphunzira kusunga chinsinsi cha bwana, woyimbira akafunsa n'kuyankha limodzi kuti inde, uyu timaphunzira naye. Kwa ine amenewa ndiwo avulala kwambiri, chifukwa bodzalo analinena ndi pakamwa pawo ndipo linawalipira. Kenako Lolemba mphunzitsi yemweyo aime kutsogolo kwawo n'kumawachenjeza za kubera mayeso a MSCE, eti.

(Kwa atsikana a ntchemberembaye kapepala komweka kamatha kuopsa mwanjira ina, kakakhala m'manja mwa munthu amene akufuna kulipidwa ndi zina. Imeneyo ndi nkhani yofuna tsiku lake.)

Chimene chimandivuta n'chakuti kochi amene wakana waganyu salandira kanthu. Timu yake ikachinyidwa 4 kwa 0, adutsa pamsika anthu akumukuwiza, ndipo ena mwa okuwizawo ndi ife tomwe timalemba pa Facebook kuti katangale watha dziko. Ahedi amuyang'ana ndi diso lina. Ngakhale mwana wa fomu 2 uja mwina sadzadziwa kuti panali dzina lina limene likanalembedwa pamalo pake. Iye akudziwa zoti anavala jezi nambala 9, anaphonya chigoli chapafupi, ndipo pobwerera pa lole akochi anamuuza kuti Lachiwiri asachedwe ku bwalo.