Kuona Maso a Nkhono n'Kudekha

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono imatulutsa maso ake kwa munthu amene wadikira osaigwedeza.

Mwambiwu ukumukhudza mwini galimoto wa ku Milepa amene waganiza zosintha yekha madisiki a mabuleki akumbuyo pabwalo la nyumba yake, m'malo mopita ku galaja ku Limbe. Ma Toyota HiAce ambiri kumbuyo ali ndi dramu, koma Mercedes Sprinter ili ndi disiki, ndipo m'kati mwa disikimo mumabisala tinsapato ta handibuleki. Wopupuluma akaona disiki ikukanirira amaimenya ndi hamala mpaka kuthyola masipuling'i a tinsapatoto. Wodekha amatsitsa handibuleki, n'kubweza kagudumu kosinthira tinsapatoto, disiki n'kutuluka bwinobwino.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi jeke yoimika pa dothi lofewa la m'dzinja. Galimoto yolemera chotere ikatsetsereka, munthu safika naye n'komwe kuchipatala. Tchingani matayala akutsogolo, yalani thabwa lochindikala pansi pa jeke, ndipo chirikizani galimoto ndi zitsulo osati njerwa, chifukwa njerwa zimaphwanyika.

Palani dzimbiri pa habu, sinthani madisiki a mbali zonse ziwiri pamodzi ndi mapadi, ndipo pondani buleki kangapo mpaka ilimbe musanatuluke pabwalo.