Khutba ya Lachisanu: Kodi Mtima Wodekha Ukuyang'ana Ndani?

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, Mwini mpweya umene tikupuma, Wodziwa zimene zabisika m'zifuwa. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa m'choonadi koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake, ndi pa Maswahaba ake onse.

Pambuyo pa izi: inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha poyamba, kenako ndikukulangizani inu, kuti tiope Allah poyera ndi pobisika.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, masiku apitawa mnyamata wina amene amaphunzira ku Lichinga anandipeza pakhonde la mzikiti itatha swala ya Asr. Anati: "Shehe, tulo sindinkaliona. Ndikagona, mutu unkangozungulira pa ndalama za sukulu ndi matenda a mayi anga. Ndiye pafoni ndinapeza chiphunzitso chimene m'Chipwitikizi akuchitcha atenção plena. Amati ukhale pansi mphindi khumi, utseke maso, uzingomvetsera mpweya wako ukulowa ndi kutuluka. Ndayesa, ndipo chandithandiza. Kodi ndachimwa?"

Ndinamuyankha mwachidule, koma atachoka ndinatsala ndi funso lalikulu kuposa lakelo, ndipo ndilo ndabwera nalo lero. Kodi kudekha kwa mtima, pakokha, ndi ubwino? Munthu akapeza bata m'kati mwake, ndiye kuti wakhala munthu wabwino?

Tiyambe ndi chilungamo, pakuti Msilamu sanamizira chinthu chifukwa choti chachokera kutali. Njira imene mnyamatayu anaipeza inafala kwambiri kuchokera kwa munthu wotchedwa Jon Kabat-Zinn, amene m'chaka cha 1979 anayamba kuiphunzitsa kwa odwala pachipatala cha University of Massachusetts ku America. Maphunziro ake anali a milungu isanu ndi itatu, ndipo cholinga chinali kuthandiza anthu a ululu wosatherapo ndi ankhawa. Iye anaitenga ku miyambo ya kusinkhasinkha ya Abuda, n'kuichotsa zachipembedzo. Kupuma mofatsa kumatsitsadi kugunda kwa mtima. Umo ndi mmene Allah analengera thupi. Choncho kukhala chete ndi kupuma bwino si tchimo, malinga ngati mulibe mawu opembedza wina wosakhala Allah, kapena kugwadira fano. Ili ndilo yankho limene ndinam'patsa.

Komabe ndinamva chisoni. Mwana wa m'nyumba ya Chisilamu anakapempha moto kutsidya kwa nyanja zamchere, pamene m'nyumba mwake moto ukuyaka kasanu pa tsiku. Cholakwa si chake. Ndi chathu ife akuluakulu, amene tinam'phunzitsa mawu a swala ndi kaimidwe kake, koma sitinam'phunzitse kukhalamo ndi mtima.

Matenda amenewa ali ndi dzina m'Chiarabu: ghafla, kutanthauza kunyalanyaza kwa mtima, kukhala pamalo pamene mtima wako palibe. Sindikuloza munthu chala. Ine ndemwe tsiku lina, ndikutsogolera swala ya Isha, ndinadzuka pamene ndinayenera kukhala pansi, mpaka anthu kumbuyo anandikumbutsa. Lilime linkawerenga Qur'an, koma mtima unkawerengera mtengo wa feteleza. Swala za faradhi zili ndi maraka 17 pa tsiku. Aliyense adzifunse: mwa maraka a dzulo, ndi angati amene ndinalimo ine mwini? Thupi lili pa mzere, mtima uli m'bwato, uli ku msika, uli pa mkangano wa malire a munda. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chipembedzo chathu sichinayambire m'phokoso. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), asanalandire uthenga, ankakwera phiri la pafupi ndi Makka n'kukabindikira m'phanga la Hira masiku angapo, akulingalira. M'menemo ndi mmene chivumbulutso choyamba chinam'pezera, m'mwezi wa Ramadhan, ali ndi zaka 40. Chakumapeto kwa Surat Al Imran, Allah akutamanda eni nzeru amene amam'kumbukira m'kakhalidwe kalikonse ka thupi lawo, nalingalira za chilengedwe. Kulingalira kumeneku ndi tafakkur, ndipo ndi ibada.

Kumbukiraninso munthu uja amene analowa mumzikiti wa ku Madina n'kupemphera mothamanga. Mtumiki anam'bweza katatu kuti akapempherenso, mpaka munthuyo anavomera kuti sadziwa kupemphera koposa pamenepo. Kodi anaphunzitsidwa chiyani? Kuti pa ruku adekhe, akaweramuka adekhe, pa sijida adekhe, akakhala adekhe. Kudekha kumeneku kumatchedwa tuma'nina, ndipo maulama ambiri amati swala yopanda tuma'nina siilandiridwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nanga kuimirira pamaso pa Mlengi wa nkhonoyo?

Tsono tifike pa phata la nkhani. Pitani m'mbali mwa nyanja m'mawa, muone kakowa ataimirira m'madzi. Sagwedezeka, maso ake ali pamodzi, palibe chimene chikum'sokoneza. Kodi akupemphera? Akudikira kansomba. Ng'ona nayo imakhala chete pa dooko kuposa shehe aliyense, koma mtima wake uli pa mwendo wa wotunga madzi. Wakuba waluso sanjenjemera manja. Wamalonda wozolowera kubera pa sikelo amagona tulo tabwino. Choncho kudekha ndi kuika maganizo pamodzi zili ngati mpeni wakuthwa: umasenda chinangwa, umabayanso munthu. Funso si lakuti mtima wadekha kodi. Funso ndi lakuti: wadekha ukuyang'ana ndani, ndipo ukadzuka pamenepo ukukachita chiyani?

Apa ndi pamene njira yathu ikusiyana ndi ya pafoni ija. Ija imaphunzitsa munthu kudziyang'ana yekha. Yathu imayambira pomwepo, koma siithera pomwepo: imaphunzitsa munthu kudziwa kuti akuyang'anidwa. Mngelo Jibril atafunsa za ihsan, yankho la Mtumiki linali lokhudza zimenezi: kupembedza ngati munthu amene akumuona Allah, ndipo ngati maso sakufika pamenepo, kudziwa kuti maso a Allah afika kale pa iwe. Maulama anatcha khalidwe limeneli muraqaba. Munthu wodziyang'ana yekha akhoza kudzikhululukira chilichonse, pakuti woweruza ndi wolakwa ndi mmodzi. Koma wodziwa kuti Allah akumuona amakhala ndi mboni ngakhale ali yekha pakati pa nyanja usiku.

Wina anganene kuti: "Shehe, ife tikufuna mpumulo, inu mukutiwonjezera mantha." Mvetserani, m'bale wanga. Mwana amasewera momasuka pabwalo chifukwa akudziwa kuti mayi ake akumuona ali pa mtondo. Diso lomwelo limene limam'letsa kugwira moto ndi limene limam'chotsa mantha a galu. Amene akutiona ndi Mwini chifundo, Amene anatidyetsa tili m'mimba tisanadziwe kupempha. N'chifukwa chake Surat Ar-Ra'd, pa ndime ya 28, imamangirira bata la mtima ku dhikri, kukumbukira Allah. Munthu amene akudziwa kuti rizki lake lili m'manja mwa Allah amapalasa bwato ndi mphamvu zake zonse, koma sasenza nyanja pamutu.

Ndipo pali chinanso cholemera. Si nkhawa iliyonse imene iyenera kutonthozedwa. Pali nkhawa ya mawa, ya zinthu zimene sizili m'manja mwathu: mvula, mwera, matenda, imfa. Imeneyi mankhwala ake ndi dhikri, dua ndi kuyedzamira kwa Allah. Koma pali nkhawa ina imene ndi chifundo cha Allah: kusowa tulo kwa munthu amene wadya chuma cha ana amasiye, amene wakana ngongole akuidziwa, amene wamenya mkazi wake. Nkhawa imeneyo ndi mlonda amene akugogoda pa chitseko. Ukam'gonetsa mlondayo ndi kupuma mofatsa, ngakhale ndi tasbihi m'manja, wadzipha wekha. Mankhwala ake ndi kubweza cha mwini, kupepesa ndi kulapa. Werengani Surat Al-Ma'un: m'ndime zisanu ndi ziwiri zokha, Allah waika pamodzi wopemphera monyalanyaza, wokankha wamasiye, ndi womana mnzake ngakhale kachiwiya kobwereka. Kunyalanyaza pa mkeka wa swala ndi kuuma mtima pa khomo la nyumba ndi matenda amodzi.

Imam Al-Ghazali anadziwa zimenezi ndi thupi lake. Anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya Nizamiyya ku Baghdad, ophunzira mazana akukhala pa mapazi ake. M'chaka cha 1095 lilime lake linamangika, sanathenso kuphunzitsa, ndipo chakudya chinkam'kanika. Asing'anga anaona kuti gwero la vutolo linali mumtima. Iye mwini, atadzifufuza, anapeza kuti ankaphunzitsa pofuna ulemu ndi kutchuka. Sanafune njira yoiwalira ululuwo kuti apitirize monga kale. Anasiya udindo, napita ku Damasiko, nakhala zaka zambiri akukonza mtima wake, ndipo m'nyengo imeneyo analemba buku lake lalikulu la Ihya Ulum ad-Din. Anamwalira m'chaka cha 1111. M'bukulo anafanizira munthu ndi wamalonda amene wapatsa mnzake mpamba: m'mawa amapangana naye, masana amamuyang'anira, madzulo amawerengera naye. Mnzakeyo ndi nafsi yako, ndipo mpambawo ndi maola a moyo wako. Inu amene mumatuma anyamata ndi usipa ku msika simugona musanawerenge mametikali. Nanga tsiku lathunthu limene Allah wakubwerekani, mumalisiya bwanji osaliwerengera?

Ndanena mawu angawa, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah, cha ine ndi cha inu. M'pempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa n'kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale ndi alongo, kuti tisatuluke muno ndi mawu okha, nazi zinthu zinayi zoti tiyambe lero lomwe.

Choyamba, swala. Zimitsani foni musanachite wudhu, osati mutaima kale pa mzere. Musalonjeze maraka 17 onse. Sankhani raka imodzi pa swala iliyonse, muiwerenge mofatsa, mukudziwa tanthauzo la Al-Fatiha. Amene salidziwa afunse, palibe manyazi. Mtima ukathawa, ubwezeni mofatsa monga mmene mbusa amabwezera mbuzi, osaithyola mwendo.

Chachiwiri, dhikri ya pogona. Bibi Fatima, manja atachita matuza ndi mphero, anapita kwa bambo ake kukapempha wantchito. Mtumiki anam'phunzitsa iye ndi mwamuna wake Ali kuti pogona azinena Subhanallah ka 33, Alhamdulillah ka 33 ndi Allahu Akbar ka 34, nawauza kuti zimenezi n'zabwino kwa iwo kuposa wantchito. Amayi otopa ndi mtondo ndi nkhuni, mphatso imeneyi inayamba kuperekedwa kwa mayi wotopa ngati inu. Koma muinene mukumva chimene mukunena, osati ngati wowerenga nsomba pa thandala. Ndipo abambo musabisale kumbuyo kwa nkhaniyi: Mtumiki yemweyo ankathandiza ntchito za m'nyumba mwake.

Chachitatu, mkwiyo. Apa ndi pamene kudekha kumayesedwa. Mtumiki analangiza wokwiya kuti adzitchinjirize mwa Allah kwa Satana, akhale chete, ndipo ngati waimirira akhale pansi. Mphindi imodzi imeneyo yapulumutsa maukwati ambiri.

Chachinayi, kudziwerengera, kumene ndi muhasaba. Usiku uliwonse dzifunseni mafunso atatu: Lero ndalandira chiyani chimene sindinathokoze? Ndalakwira ndani? Mawa ndikonza chiyani? Yankho la funso lachiwiri likakhala ndi dzina la munthu, mawa mukagogode pa khomo pake.

Musataye mtima mukaona kuti mukuiwalaiwala. Swahaba wina, Hanzala, anadziyesa wachiphamaso chifukwa akakhala pamaso pa Mtumiki mtima wake unkayaka, koma akabwerera kwa ana ndi ku minda ankaiwala. Abu Bakr anavomera kuti naye zimam'chitikira. Atapita kukadandaula, Mtumiki anawatonthoza powadziwitsa kuti munthu sanalengedwe kuti akhale pa msinkhu umodzi nthawi zonse. Pali nthawi ya ichi ndi nthawi ya icho. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mawu omaliza ndi a iwo amene chisoni chawapanikiza kwa milungu, osadya, osagona, mwina mpaka kuganiza zodzichotsera moyo. M'bale wanga, mlongo wanga, kumeneko si kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndi matenda, ndipo Mtumiki anatilamula kufunafuna mankhwala. Uzani munthu amene mumam'khulupirira, pitani ku chipatala, ndipo dhikri iyende nanu limodzi. Ife otsala tisawaseke, tiwaperekeze.

Mnyamata uja ndinam'peza dzulo pa Fajr atatsalira pa mkeka anthu atabalalika. Sindinam'funse kanthu. Ndinangom'pemphera kuti bata limene akulifuna lim'fikitse kwa Mwini bata.

E, Allah, dzutsani mitima yathu ku tulo ta kunyalanyaza. Tipatseni mtima wodekha pa zimene mwatigawira, ndi mtima wosagona pa zimene talakwira anzathu. Chizani odwala athu, khululukirani akufa athu, sungani asodzi athu pa nyanja ndi alimi athu m'minda, ndipo dzetsani mtendere m'dziko lathu la Mozambique. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja lake ndi Maswahaba ake. Amin.

Imirirani tipemphere.