Bezaleli ndi Mphatso za Ana Athu

Werengani Eksodo 35:30-35.

Tsiku la kubadwa kwa Mpulumutsi layandikira, ndipo atate ndi amai ali kufunsana, Tiwagulire ciani ana caka cino? Funsoli lioneka laling'ono, koma Ambuye sanaliyesa cabe. Pakuti pa Mateyu 7 anakumbutsa omvera ace kuti angakhale anthu ocimwa adziwa kusankhira ana ao zokoma. Tiyeni tione ngati ife tidziwadi.

Taonani Bezaleli. Pokhala Aisrayeli m'cipululu, Yehova anafuna kuti ammangire cihema, nachula munthu ndi dzina lace, ndiye Bezaleli mwana wa Uri, wa pfuko la Yuda. Sanali wansembe, sanali mneneri, anali mmisiri. Koma anadzazidwa ndi Mzimu wa Mulungu kuti asule golidi ndi siliva ndi mkuwa, azokote miyala, aseme mitengo. Mnzace Oholiabu, wa pfuko la Dani, anali waluso pa nsaru zoomba ndi zopikula. Ndipo onse awiri anapatsidwa mtima wakuphunzitsa ena. Luso licokera kwa Mulungu monga mbeu. Koma mbeu yosungidwa m'nsupa simera.

Kodi pakati pathu palibe ana otere? Alipo, ndipo tiwadziwa. Ndi uja aumba ng'ombe zadothi kudambo pamene mbuzi ziri kulowa m'munda wa eni. Ndi uja apinda waya napanga galimoto. Ndi uja analemba nkhuku ndi khala pa khoma lozira kumene, ndipo tinamkwapula. Sitinena kuti makoma adetsedwe, iai. Koma tibvomere kulakwa kwathu: mkwapulo tinampatsa, pepala sitinampatsa.

Kapena wina adzati, Nanga lamulo laciwiri siliretsa mafano? Liletsa kuwagwadira ndi kuwatumikira. Aroni anatenga golidi naumba mwana wa ng'ombe, anthu nacimwa naye kwakukuru (Eksodo 32). Bezaleli anatenga golidi nasula akerubi awiri a pa likasa, Mulungu atalamulira yekha (Eksodo 37). Golidi ndi mmodzi. Mitima ndiyo inasiyana.

Tsono posankha tiyang'ane msinkhu wa mwana, tisayang'ane kunyezimira kwa bokosi. Wosakwana zaka zitatu aika kanthu kali konse m'kamwa. Mpatseni cekeni conenepa cimene agwira ndi nkhonya, ndipo tizibvundikiro ndi tina tating'ono tikhale kutali, tingamtsamwe. Cekeni ndico phula losanganiza ndi utoto. Bokosi loyamba la Crayola linagulitsidwa ku America m'caka ca 1903, ndipo munali mitundu 8 yokha. Ife tiyesa kuti yomweyo ikwanira ndi lero lomwe. Mwana wokhala ndi mitundu yowerengeka adzazindikira yekha kuti cikasu ndi buluu zibala mtundu wa msipu. Wokhala nayo makumi-makumi angosankha, osaphunzira kanthu.

Wa msinkhu wa sukulu mpatseni pensulo. Cakuda ca m'kati mwace si mtobvu monga ambiri ayesa, koma mwala wofewa wochedwa graphite, wosanganiza ndi dongo ndi kuochedwa. Njira imeneyi anaipeza Conté wa ku France m'caka ca 1795. Dongo likacuruka pensulo iuma nilemba motuwa, ndiyo yolembedwa H; likacepa ifewa nilemba bii, ndiyo ya B. Ya HB iri pakati, ndiyo ya kusukulu. Koma wokonda kujambula adzakondwera ndi 2B. Pomsongolera gwirani mpeni inu eni.

Za utoto ticenjeze. Mugule wosungunuka ndi madzi, wopangira ana, umene ucoka pocapa. Wotsala popaka zitseko ndi mazenera musampatse konse. Pakuti wina uli ndi mtobvu, ndipo mtobvu ukalowa m'thupi la mwana uononga ubongo mwakacetecete. Ndipo musaiwale mapepala. Ambiri agula mitundu yokongola naiwala polembapo. Pamenepo khoma lija libweranso.

Nanga ife amene m'thumba mulibe kanthu? Tisacite manyazi. Pa mapiri a Chongoni, pafupi ndi Dedza, pali malo 127 pamene anthu akale anajambula pa matanthwe ndi utoto wofiira ndi woyera. Ndipo m'caka ca 2006 a UNESCO anawawerengera pamodzi ndi cuma ca dziko lonse lapansi. Anthu aja sanapita kusitolo. Makala alipo, dongo liripo, makatoni otayidwa alipo. Atate asoke kabuku ka mapepala olembedwa mbali imodzi. Amai atape dongo labwino kumene atapa la miphika. Anzeru a kum'mawa anadza ndi golidi ndi libano ndi mure. Abusa sitiwerenga kuti anadza ndi kanthu m'manja, koma iwo ndiwo anayamba kumuona Mwanayo.

Catsala cimodzi. Mphatso yotere musaitsekere m'bokosi la zobvala ndi kunena, Ingathe msanga. Inagulidwa kuti ithe. Ndipo mwana akadza kwa inu ndi pepala lace, ng'ombe yace iri nayo miyendo isanu, musaseke. Mkhazikeni pamphasa, mumfunse dzina la ng'ombeyo ndi kumene iri kunka.