Wakutsina Khutu ndi Mnansi: Phunziro la a Dunduzu Chisiza

Makolo athu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Kutsinidwa khutu kumawawa, ndipo palibe amene amasangalala nako. Koma munthu wongodutsa m'njira alibe nawe ntchito. Akakuona ukulunjika kuphompho amangoyang'ana, mawa adzakambe nkhani yako pamaliro. Amene amakuitanira pambali n'kukuuza kuti apa mwalakwitsa ndiye amene moyo wako umamukhudza. Tanthauzo la mwambiwu ndi lakuti wokuchenjeza ndiye mbale wako weniweni, pamene wokuombera m'manja pa chilichonse amakufulumizitsa kugwa.

Mwambiwu timaumva pa chinkhoswe, ankhoswe akamalangiza banja latsopano. Timaumvanso m'makomo muno mu Area 49 ku Lilongwe, mayi akauza mnzake woyandikana naye kuti, "Amayi, mwana wanu uja wayamba kuyenda ndi gulu loipa." Koma sukhudza mabanja okha. Dziko nalonso limafuna anansi olitsina khutu, ndipo Malawi anali naye mmodzi wotere: a Dunduzu Kaluli Chisiza.

A Chisiza anabadwa mu 1930 kumpoto kwa dziko lino, m'mbali mwa nyanja, ndipo anaphunzira ku Livingstonia ndi ku Uganda. Ali ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, anayambitsa nawo gulu la City Youth League mu 1955 pamodzi ndi a James Chikerema ndi a George Nyandoro. Atsamunda a kumeneko anaona kuti mnyamatayu ndi woopsa, ndipo mu 1956 anawathamangitsira kwawo. Ataphunzirako pang'ono ku Fircroft College ku Birmingham, anabwerera mu 1958 kudzakhala mlembi wamkulu wa Nyasaland African Congress, chaka chomwe Dr Kamuzu Banda anafika kudzathetsa chitaganya. Pa 3 Marichi 1959 boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pachiopsezo, a Chisiza anamangidwa n'kukatsekeredwa ku Gwelo limodzi ndi a Banda, a Masauko Chipembere ndi a Yatuta Chisiza, achimwene a Dunduzu. Anatuluka mu 1960, n'kukhala mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party. Pa chisankho cha mu Ogasiti 1961 anthu a ku Karonga anawatumiza ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba, ndipo anapatsidwa udindo mu unduna wa zachuma.

Mbiri imeneyi ndi yofunika pa mwambi wathu, chifukwa ikusonyeza kuti a Chisiza sanali mlendo kapena mdani wa chipani. Anagona m'ndende imodzi ndi mtsogoleri wawo. Anali mnansi weniweni, ndipo n'chifukwa chake anali ndi mphamvu zotsina khutu.

Anatsina bwanji? Ndi cholembera. Nthawi imene anthu anali kuvina ndi kuimba kuti kwacha, iwo analemba timabuku tiwiri, Realities of African Independence ndi Africa: What Lies Ahead, momwe anafunsa funso limene ambiri sankafuna kulimva: mzungu akachoka, chidzatiletse kuponderezana tokhatokha n'chiyani? Anatchula zinthu zitatu zimene zimabala ulamuliro wankhanza. Choyamba ndi anthu kukhulupirira mtsogoleri mopyola muyeso, mpaka kuleka kumufunsa. Chachiwiri ndi kusakhulupirirana, mtsogoleri n'kuyamba kuona mdani mwa aliyense womudzudzula. Chachitatu ndi dyera lofuna udindo lopanda malire. Sanalekere pa ndale. Mu Julayi 1962 anakonza msonkhano waukulu ku Blantyre umene unasonkhanitsa akatswiri a zachuma a m'maiko osiyanasiyana, chifukwa ankadziwa kuti mbendera yatsopano siingadyetse mlimi wa kumudzi ngati palibe dongosolo lotukula moyo wake.

Patangopita milungu yochepa, mu Seputembala 1962, galimoto yawo inapezeka itagwa pa mlatho wa Thondwe, pa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba. Anamwalira ali ndi zaka 32 zokha. Boma linati inali ngozi, ngakhale anthu ambiri mpaka lero amakayika.

Zimene zinatsatira zikuphunzitsa mbali yachiwiri ya mwambiwu: mudzi ukathamangitsa anansi otsina khutu umatsala ndi otamanda okhaokha. Mu Seputembala 1964, patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, nduna zimene zinadzudzula a Banda zinachotsedwa: a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume, a Augustine Bwanausi, komanso a Rose Chibambo. A Chipembere, a Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi maudindo. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 mtsogoleri anakhala wamuyaya. Mu 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza. Panatenga zaka 30 chimwalirire a Dunduzu kuti maepiskopi a Katolika atsinenso khutu poyera ndi kalata yawo ya mu Marichi 1992, imene inatsegula njira ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Zonse zitatu zimene mnyamata uja anachenjeza zinachitika anthu akuona.

Wina anganene kuti odzudzula ena amangofuna kunyoza, ndipo n'zoona. Mwambiwu sukuteteza wamiseche kapena wotukwana pa Facebook. Mnansi amadziwika ndi zinthu ziwiri: amanena zoona, ndipo amanyamula nawo katundu wa mudzi. A Chisiza anadzudzula ali mkati mwa ntchito, atalipira kale mtengo wa ufulu ndi thupi lawo. Anachenjezanso zinthu zisanaonongeke, pamene kuchenjeza kukanatha kupulumutsa.

Lero Nyumba ya Malamulo ili kuno ku Lilongwe, pafupi ndithu ndi Area 49. Aphungu amene timatumiza kumeneko ayenera kudziwa kuti ntchito yawo si kuwomba m'manja, koma kunena zoona ngakhale kwa mtsogoleri wa chipani chawo chomwe. Nafenso tili ndi gawo lathu. Kumpingo, ku komiti ya sukulu, ku banki m'khonde, pamakhala munthu mmodzi amene amafunsa kuti ndalama zayenda bwanji, ndipo timafulumira kumutcha wovuta.

Inu owerenga, munthu ameneyo musamuthamangitse. Mumvetsereni lero, madzi akadali m'nkhongono, chifukwa dziko lathu linalipira kale mtengo waukulu pokana kumvera mnansi wake.