Mfundo zinayi zochokera ku Eyam, mudzi umene unadzitsekera

Eyam ndi kamudzi ka m'mapiri a Derbyshire ku England, komwe kale anthu ankakumba mtovu. Bwenzi kasakudziwika konse pakadapanda mliri wa 1665 ndi 1666.

1. Tsoka silinunkha. Mliri unabwera mu mtolo wa nsalu wochokera ku London, wopita kwa telala wa m'mudzimo. George Viccars, amene anamasula mtolowo, sanadziwe kuti muli utitiri wonyamula matenda. Anamwalira mu Seputembala 1665, maliro n'kuyamba kutsatizana.

2. Nyumba ikamapsa, za milandu yakale zimayamba zaima. M'busa wa mudziwo, William Mompesson, anali wachinyamata komanso mlendo. Anthu ambiri mtima wawo unali udakali kwa Thomas Stanley, m'busa wakale amene anachotsedwa chifukwa chosiyana maganizo ndi akuluakulu a mpingo wa Anglican. Mompesson payekha akadanena kuti wina asatuluke m'mudzi, ndani akadamumvera? Anakagwira mwendo wa Stanley, ndipo mu 1666 awiriwa anakopa anthu kuti adzitsekere, matenda asafalikire kumidzi yozungulira.

3. Wodzimana chifukwa cha anzake asasiyidwe ndi njala. Earl wa ku Devonshire, wa ku Chatsworth, pamodzi ndi midzi yoyandikana ankasiya chakudya m'malire. Eni mudzi ankaika ndalama m'timabowo ta pamwala tothiramo viniga, pokhulupirira kuti viniga amapha matenda. Mwalawo ulipo mpaka lero.

4. Tisamakometse nkhani imene ena anailipira ndi ana awo. Anthu a ku Eyam anagwirizana kuti mapemphero azichitikira panja, m'chigwa cha Cucklet Delf, ndiponso kuti banja lililonse liziika lokha maliro ake. Ife amene tinazolowera adzukulu, siwa ndi nyimbo za usiku wonse, tangoganizani. Mu Ogasiti 1666, Elizabeth Hancock anaika mwamuna wake ndi ana asanu ndi mmodzi m'masiku 8 okha, akukumba yekha manda pafupi ndi nyumba yake. Mwezi womwewo Catherine, mkazi wa Mompesson, amene anakana kusiya mwamuna wake, naye anatsikira kuli chete. Koma pali chinthu chimene okamba nkhaniyi amakonda kulumpha: ana a Mompesson ndi Catherine anali atatumizidwa kale kutali mudzi usanatsekedwe. Sindikuwaweruza, ndine kholo nanenso. Kungoti dzina limene limamveka kwambiri ndi la abusa, pomwe mtolo wolemera unagwera amayi ngati Mayi Hancock, amene analibe kothawitsira ana.

Mliri unatha mu Novembala 1666 utapha anthu pafupifupi 260. Lamulungu lomaliza la Ogasiti chaka chilichonse, anthu a ku Eyam amasonkhanabe ku Cucklet Delf kukapemphera panja.