Kodi chifundo chinaphadi nkhwali?

Munthu akakhala pansi m'laibulale ya National Library Service ku Area 13 ndi buku la The Two Towers, amadzukapo mtima uli m'malere. Bukuli, lomwe linatuluka mu 1954, ndi lapakati pa mabuku atatu a The Lord of the Rings, ndipo mlembi wake J.R.R. Tolkien sankafuna n'komwe kuti nkhani yake igawidwe. Anaigawa ndi osindikiza poopa kukwera mtengo. Komabe kugawako kunasiya funso lolemera pamalo oonekera. Frodo, amene wanyamula mphete ya mphamvu zoipa, wagwira Gollum, kachilombo konyenga komwe kakulondola mpheteyo, ndipo m'malo mokapha akukakhululukira. Asilikali a mtsogoleri wina, Faramir, atakoka mauta kuti akalase, Frodo akukapempherera kachiwiri. Malipiro ake? Gollum akumutsogolera kuphanga la Shelob, kangaude woopsa, ndipo buku likutha Frodo ali m'manja mwa adani, wantchito wake Sam ali yekha kunja kwa chitseko. Mwana wa kuno sachedwa kuweruza: chifundo chinapha nkhwali, imene inanyamula njoka kuithawitsa moto wolusa kutchire, njokayo n'kukana kumasuka m'khosi.

Ine ndikuti Frodo sanalakwe, ndipo sindifuna buku lachitatu kuti lindiikire kumbuyo. Ambiri amathamangira kumeneko, amvekere taonani, pamapeto pake Gollum yemweyo ndi amene anagwera m'moto pamodzi ndi mphete. N'zoona, koma yankho limeneli limasandutsa chifundo kukhala katapila, kukongoza lero kuti mawa ulandire zochuluka. Frodo sankadziwa za mawa. Anali atayamba kumva kulemera kwa mpheteyo m'khosi mwake, ndipo poyang'ana Gollum ankaona chimene iye mwini angadzakhale. Kupha kachilomboko kukanakhala kuvomereza kuti wogwidwa ndi mphete alibenso pobwerera, iyenso ali m'gulu lomwelo.

Wina anganene kuti maganizo otere ndi okoma papepala pokha, kuti kwathu kuno wakuba akagwidwa pamsika anthu sadikira zamawa. Nkhawa yake ndi yomveka, pakuti njoka imalumadi, ndipo Sam, amene sankamukhulupirira Gollum, anali ndi maso. Koma umboni uli m'buku lapakati lomweli. Pamakwerero a Cirith Ungol, panjira yopita kuphanga lija, Gollum akupeza awiriwa ali m'tulo, mtima ukumufewa, akukhudza bondo la Frodo mwachikondi, watsala pang'ono kulapa. Sam akudzidzimuka n'kumukalipira, ndipo mpata uja ukutsekeka. Tolkien, amene anali Mkatolika wolimbikira, ankaona malo amenewa ngati omvetsa chisoni koposa. Ndiye kuti chifundo chinali chitayamba kugwira ntchito; chinadulidwa ndi mawu aukali a munthu wabwino, amene ankangoteteza bwana wake.

Apa mpamene nthano ya nkhwali ndi bukuli zikusiyana. Njoka ya m'nthano ndi njoka basi, ilibe dzina lina. Gollum anali ndi dzina lakale, Sméagol, ndipo Frodo ankamuitana nalo. Nthano zathu zimatha usiku womwewo, ana asanagone, choncho woipa amadziwika msanga. Buku lapakati lilibe mwayi umenewo, likufanana ndi Loweruka lija la pakati pa Lachisanu Loyera ndi Pasaka, manda ali chitsekere. Sam akugogoda chitseko chachitsulo, osadziwa kuti mawu ake a pamakwerero aja anawononga chiyani.